Nyama yokhayokha si mankhwala: kuunika chiphunzitso chatsopano ndi umboni wa ku Karonga

Pali chiphunzitso cha kadyedwe chimene chatchuka ku America ndipo tsopano chikufika kuno kwathu kudzera m'mafoni. Chimati thupi la munthu linapangidwira nyama yokhayokha, ndipo nsima, mpunga, nyemba, masamba ngakhalenso zipatso ndi zimene zabweretsa matenda a shuga, kunenepa kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi. Amene achitchukitsa si anthu wamba. Shawn Baker, dokotala wa mafupa, anatulutsa buku lotchedwa The Carnivore Diet mu 2019, ndipo dokotala wina, Paul Saladino, anatulutsa The Carnivore Code mu 2020. Uthenga wake ndi wosavuta kuumva: idyani nyama, nsomba, mazira ndi mafuta a nyama, thirani mchere, imwani madzi, zina zonse zisiyeni.

Monga mphika, chiphunzitsochi chakhazikika pa mafuwa atatu. Loyamba ndi lakuti makolo athu akalekale ankadya nyama basi. Lachiwiri ndi lakuti mitundu ya anthu oweta ndi osaka, monga Amasai ndi Ainuit, inali yathanzi chifukwa cha nyama. Lachitatu ndi umboni wa anthu amene ayesa kadyedweka n'kunena kuti achira. Boma la Karonga ndi malo abwino oyeserapo mafuwa amenewa. Kumeneku ndi kumene kunafukulidwa ena mwa mafupa akale kwambiri a mtundu wa anthu, kuli Ankhonde amene akhala akuweta ng'ombe kwa mibadwo yambiri, ndiponso ku Chilumba kuli kafukufuku wa zaumoyo amene wakhala akuyenda kuyambira mu 1979. Tikaika chiphunzitsochi pa umboni umenewu, tipeza kuti chatenga mfundo yoona n'kuikoka mpaka kuduka.

Zimene akunena zoona

Wodzudzula wabwino amayamba ndi kuvomera. Zakudya za m'gulu la nyama zili ndi michere imene imavuta kuipeza mokwanira m'zomera. Vitamini B12 amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Ayironi wa mu nyama amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa m'masamba. Chimanga ndi nyemba zili ndi phytate, amene amagwira zinki ndi ayironi m'matumbo n'kulepheretsa thupi kuziyamwa bwino.

Kuno ku Malawi zimenezi si nkhani ya m'mabuku chabe. Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ana 63 pa 100 alionse anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ngakhale kuti malungo ndi njoka za m'mimba zilinso ndi gawo lalikulu pa vutoli. Kafukufuku wa michere wa nthawi yomweyo anasonyeza kuti pafupifupi anthu asanu ndi mmodzi pa khumi alionse anali operewera zinki. Ku Embu, m'dziko la Kenya, ana a sukulu amene ankawonjezeredwa nyama pang'ono pa chakudya chawo anachita bwino pa mayeso ena a nzeru kuposa anzawo amene sankalandira.

Ndi zoonanso kuti shuga, zakumwa zotsekemera, buledi woyera ndi mitanda ikuluikulu ya nsima ya ufa woyera zimakweza shuga m'magazi, ndipo wodwala akazichepetsa shuga wake amatsika. Choncho palibe amene akuikira kumbuyo mbale yodzaza kondowole yokhala ndi ndiwo zongonyambita. Funso ndi lakuti: kodi popeza kusowa nyama n'koipa, ndiye kuti kudya nyama yokhayokha n'kwabwino? Apa ndi pamene chiphunzitsochi chimadumpha mtsinje wopanda mlatho.

Fuwa loyamba: mafupa a ku Uraha ndi ku Malema

Mu 1991 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ku Uraha, chakumwera kwa boma la Karonga. Nsagwadayi, imene inalembedwa kuti UR 501, ndi ya Homo rudolfensis, ndipo yatha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Pambuyo pake ku Malema kunapezekanso chidutswa cha nsagwada ya Paranthropus boisei, m'bale wina wa anthu wa mano akuluakulu otafunira. Mbiri imeneyi ndi imene imafotokozedwa ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Mano amasunga chizindikiro cha zimene mwini wake ankadya. Mu 2018 Tina Lüdecke ndi anzake anafalitsa mu magazini ya PNAS zotsatira za kupima kaboni wa m'mano a ku Karongawa. Anapeza kuti mitundu iwiri yonseyi inkapeza gawo lalikulu la chakudya chake kuchokera ku mitengo ndi zitsamba za m'nkhalango, pamene abale awo a kumpoto chakum'mawa kwa Africa pambuyo pake anadalira kwambiri za m'malo a udzu. Kunena mwachilungamo, kaboni yekha sasiyanitsa amene anadya chomera ndi amene anadya nyama yodya chomeracho. Koma mfundo imene ofufuzawo anaitsindika ndi yakuti makolo amenewa ankasintha kadyedwe motengera malo amene ali. Mu 2025 Lüdecke yemweyo ndi anzake anapima nayitirojeni m'mano a Australopithecus a ku Sterkfontein ku South Africa. Njira imeneyi imasonyeza bwino za kudya nyama, ndipo anapeza kuti zakudya zawo zinali makamaka zomera.

Palinso phunziro lina pa mudzi wa Mwanganda, kufupi ndi tauni ya Karonga. M'zaka za m'ma 1960 J. Desmond Clark anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida za miyala, ndipo malowa anatchuka padziko lonse kuti ndi pamene anthu akale anasendera njovu. Gulu la Jessica Thompson ndi David Wright litafukulanso, linalemba mu 2014 kuti dothi la pamalopo linasunthidwa ndi madzi, moti n'kovuta kutsimikiza kuti zidazo ndi mafupawo zinagwera pamenepo nthawi imodzi. Nkhani ya mlenje wamkulu imakoma kuimva, koma umboni wake nthawi zina umakhala wopyapyala. Tisaiwalenso kuti fupa limakhala m'nthaka zaka mamiliyoni, pamene mizu, masamba ndi zipatso zimaola m'masabata ochepa. Wongowerenga mafupa adzaona nyama yokhayokha chifukwa ndiyo imasiya mboni.

Pamene akatswiri afunafuna zizindikiro za zomera, azipeza. M'phanga la Ngalue, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, tsidya lina la nyanja yathu yomweyi, Julio Mercader anapeza timbewu ta sitachi, kuphatikizapo ta mapira akutchire, pa zida za miyala za zaka zoposa 100,000 zapitazo. Zimenezi zinafalitsidwa mu magazini ya Science mu 2009. Ku Border Cave ku South Africa kunapezeka mizu yowotcha ya zaka pafupifupi 170,000. Thupi lathu lomwe likuchitira umboni: m'malovu a munthu muli amylase wambiri, amene ntchito yake ndi kugaya sitachi.

Palibe akukana kuti nyama inathandiza pa kukula kwa ubongo wa munthu. Koma kudya nyama n'kosiyana ndi kudya nyama yokhayokha. Ndipo ngakhale zikanakhala kuti makolo athu ankadyadi nyama basi, zimenezo zikanangotiuza kuti ankatha kukula ndi kubereka. Sizikanatiuza za mitsempha ya mtima wa munthu wa zaka 60 amene amakhala pampando tsiku lonse.

Fuwa lachiwiri: Amasai, Ainuit ndi Ankhonde

Amasai a ku Kenya ndi ku Tanzania amatchulidwa kawirikawiri. George Mann anawapima m'zaka za m'ma 1960 ndipo anapeza kuti kolesterolo wawo anali wotsika. Koma chakudya chawo chachikulu chinali mkaka, ndipo anali anthu oyenda mitunda italiitali ndi ziweto. Chimene okonda chiphunzitsochi satchula kwenikweni ndi chakuti mu 1972 Mann yemweyo anafalitsa zotsatira za kupima mitima ya amuna 50 achimasai omwalira. Anapeza kuti mitsempha yawo inali yokhuthala ndi youma kwambiri, kungoti inali yotakasuka moti magazi ankadutsabe.

Ainuit a ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada ankadya nyama za m'nyanja chifukwa kumalo a madzi oundana kulibe dimba. Vitamini C ankamupeza podya chiwindi chosaphika ndi khungu la anangumi. Mu 2015 Matteo Fumagalli ndi anzake anasonyeza kuti Ainuit a ku Greenland ali ndi kusintha kwa majini okhudza kagwiritsidwe ntchito ka mafuta m'thupi, kumene anthu ambiri a kwina alibe. Mu 2014 George Fodor ndi anzake anaunikanso zolembedwa zakale ndipo anapeza kuti mawu akuti Ainuit sankadwala mtima analibe maziko olimba.

Kafukufuku amene amatamandidwa kwambiri ndi wa Vilhjalmur Stefansson ndi Karsten Anderson, amene anadya nyama yokha kwa chaka chathunthu kuyambira mu 1928 akuyang'aniridwa ndi madokotala a chipatala cha Bellevue ku New York. Anamaliza chakacho ali bwino. Koma anali amuna awiri okha, kwa chaka chimodzi chokha. Ankadya ubongo, chiwindi, impso ndi mafuta a m'mafupa, ndipo gawo lalikulu kwambiri la mphamvu zawo linkachokera ku mafuta. Stefansson atapatsidwa mnofu wokhawokha anayamba kutsegula m'mimba ndi kufooka m'masiku ochepa. Izi n'zofunika kwa ife, chifukwa nyama ya mbuzi, nkhuku yachikuda ndi ng'ombe ya kumudzi nthawi zambiri siikhala yonona ngati ya ng'ombe zonenepetsedwa m'makola a ku America.

Koma n'chifukwa chiyani tipite kutali pamene Karonga ili ndi aweti akeake? Ankhonde, pamodzi ndi abale awo Anyakyusa a kutsidya la Songwe, amadziwika ndi ng'ombe kuyambira kale. Zimene analemba Godfrey ndi Monica Wilson, amene anakhala pakati pawo m'zaka za m'ma 1930, zikusonyeza anthu odya nthochi, nyemba, mawere, chimanga ndi mkaka wowawasa. Ng'ombe inali ya mkaka ndi ya malowolo, ndipo inkaphedwa makamaka pa maliro ndi pa miyambo ina. Mpaka lero chambiko chimadyedwa ndi nsima kapena nthochi, ndipo mbalagha, chakudya chimene Karonga imanyadira, ndi nthochi zophika pamodzi ndi nyama. Mweti sadya chuma chake tsiku ndi tsiku. Amamwa mkaka, ng'ombe n'kumaswana.

Tiyeni tiwerengere mwachidule. Munthu wamkulu wofuna makalori 2,200 pa tsiku, atamadya nyama ya ng'ombe yonona ya makalori pafupifupi 250 pa magalamu 100, angafune magalamu pafupifupi 900 tsiku lililonse. Pa chaka ndi makilogalamu oposa 300. Ng'ombe yathu ya makolo ya mtundu wa zebu ndi yaing'ono, ndipo mnofu wake sufika theka la zimenezi. Ndiye kuti munthu mmodzi angamalize ng'ombe zoposa ziwiri pa chaka. Boma la Karonga linali ndi anthu oposa 360,000 pa kalembera wa mu 2018. Kadyedwe kamene sikangafike pa mbale ya mlimi wa mpunga wa ku Hara kapena msodzi wa ku Ngara sikangatchedwe kabwino koposa kwa mtundu wonse wa anthu.

Fuwa lachitatu: umboni wa amene ayesa

Pepala limene limaperekedwa kawirikawiri ngati umboni wa sayansi ndi la Belinda Lennerz, David Ludwig ndi anzawo, lofalitsidwa mu 2021 mu Current Developments in Nutrition. Anafunsa anthu akuluakulu 2,029 amene anali atadya nyama yokha kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Ambiri ananena kuti akumva bwino, atsika thupi, ndipo ena a shuga anati achepetsa kapena asiya mankhwala.

Wophunzira aliyense wa chaka choyamba cha kafukufuku wa zaumoyo atha kuona mabowo ake. Oyankhawo anapezeka kudzera m'magulu a pa intaneti a anthu okonda kale kadyedweka. Amene anayesa kwa mwezi umodzi n'kudwala, kapena kutopa nako n'kusiya, sanalowe m'chiwerengero. Zili ngati kufunsa anthu amene afika kumtunda ngati bwato linali labwino. Panalibe gulu lina loyerekezera nalo. Ofufuza sanapime munthu ngakhale mmodzi: kulemera, shuga ndi kolesterolo zonse anachita kuuzidwa. Olembawo anavomereza okha kuti zotsatira za nthawi yaitali zikufunika kufufuzidwa.

Ngakhale zili choncho, pepalali lili ndi chenjezo. Mwa amene anapereka zotsatira za magazi, kolesterolo wa LDL wa munthu wa pakatikati anali 172 mg/dL, kapena kuti pafupifupi 4.4 mmol/L, umene ndi mlingo wokwera kwambiri. Otsatira chiphunzitsochi amati LDL alibe vuto ngati munthu sadya sitachi. Koma umboni wochokera ku majini, ku kutsatira anthu kwa zaka zambiri ndiponso ku kuyesa mankhwala otsitsa kolesterolo, umene Brian Ference ndi anzake anausonkhanitsa mu 2017, wonse ukuloza kumodzi: LDL wokwera kwa nthawi yaitali amatseka mitsempha. Kutsekekako sikupweteka kukamayamba. Munthu atha kumva bwino kwa zaka khumi mitsempha ikuuma. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amamva bwino? Munthu akayamba nyama yokhayokha amasiyanso shuga, mowa, zakumwa zotsekemera, mabisiketi ndi mandasi. Nyama imakhutitsa msanga ndipo imatopetsa, choncho amadya zochepa n'kutsika thupi. Kutsika thupiko n'kumene kumathandiza kwambiri shuga. Kafukufuku wa DiRECT wa ku Britain, wofalitsidwa mu The Lancet, anasonyeza kuti odwala shuga 46 pa 100 alionse amene anaikidwa pa chakudya cha makalori ochepa anafika pokhala ndi shuga wabwino popanda mankhwala patatha chaka. Chakudya chawocho sichinali nyama yokha. Mpaka pano palibe kafukufuku woyerekeza magulu mwachisawawa amene watsatira odya nyama yokhayokha kwa zaka zambiri n'kuwerenga odwala mtima, sitiroko kapena omwalira. Saladino mwiniwake anabwezera zipatso ndi uchi pa mbale yake, ndipo ananena poyera za kusowa tulo, kukokana kwa minofu ndi kugunda kwa mtima kosalongosoka.

Kodi zomera ndi poizoni?

Mfundo ina imene imakopa anthu ndi yakuti zomera zimadziteteza ndi poizoni. Pano munthu wa ku Karonga sangatsutse, chifukwa amadziwa kuti chinangwa chowawa chimapha. Chili ndi mankhwala otulutsa cyanide, ndipo pamene anthu anachidya chosakonza bwino m'nthawi ya chilala m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981, ambiri analumala miyendo ndi matenda amene tsopano amatchedwa konzo. Nyemba zosapsa nazo zimadwalitsa.

Koma yankho lake amayi a m'mphepete mwa nyanja analipeza kalekale. Chinangwa amachisenda, kuchiviika m'madzi kwa masiku angapo, kuchiyanika ndi kuchisinja. Chigwada amachisinja ndi kuchiphika mpaka chipse. Linley Chiwona-Karltun anasonyeza ku Nkhata Bay kuti alimi amasankha dala chinangwa chowawa chifukwa akuba ndi nyama zakutchire sizichikonda, ndipo amadziwa kuchotsa poizoni wake. Kuviika, kumeretsa ndi kusasitsa kumachepetsanso phytate m'chimanga ndi m'mawere. Ntchito ya azaumoyo ndi kuteteza luso limeneli, makamaka m'miyezi ya njala pamene anthu amafupikitsa masiku oviika. Kutaya chinangwa chonse chifukwa cha cyanide n'kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Chimene chimatayika munthu akasiya zomera ndi faiba, mbali ya chomera imene mimba siigaya koma imadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo. Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, ndi mmodzi mwa oyamba kuona kuti khansa ya m'matumbo aakulu inali yosowa pakati pa anthu a kumudzi odya faiba wambiri. Mu 2015 Stephen O'Keefe ndi anzake anasinthanitsa zakudya kwa masabata awiri pakati pa anthu akuda 20 a ku America ndi anthu 20 a kumudzi ku KwaZulu-Natal. Mwa amene anapatsidwa chakudya cha mafuta ambiri ndi faiba wochepa, zizindikiro za kutupa ndi kuchulukana kwa maselo m'matumbo zinakwera. Mwa anzawo aja zinatsika. Mu 2019 Andrew Reynolds ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu The Lancet ndipo anapeza kuti odya faiba wambiri anali ndi imfa zocheperako ndi 15 mpaka 30 peresenti poyerekeza ndi odya wochepa. Nyama ilibe faiba ngakhale pang'ono.

Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nyama yokonzedwa, monga soseji ndi poloni, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo nyama yofiira inaikidwa m'gulu la zimene zikuoneka kuti zingayambitse. Tivomereze kuti umboni wokhudza nyama yofiira wodya pang'ono suli wamphamvu kwenikweni, ndipo gulu lina la akatswiri linanena zimenezi mu 2019. Koma kufooka kwa umboni wotsutsa kudya nyama mwa apo ndi apo si chilolezo chodya pafupifupi kilogalamu tsiku lililonse.

Palinso vuto la vitamini C. Mu nyama yaiwisi muli wochepa, ndipo kuphika kwambiri kumamuwononga. N'chifukwa chake ena amalangiza kudya nyama yosapsetsa pofuna kupewa chiseyeye. Kwathu kuno, kumene nyama yambiri ya kumudzi imaphedwa popanda woipima, malangizo amenewa ndi oopsa. Nkhumba yosapsa imapatsa munthu njoka ya m'mimba ya mtundu wa Taenia solium, ndipo mazira a njokayo akalowa m'chakudya kapena m'madzi amatha kufika mu ubongo wa munthu wina n'kuyambitsa khunyu. Mkaka wosawiritsa umafalitsa brucellosis ndi TB ya ng'ombe.

Zimene Chilumba ikutiuza

Kafukufuku wa ku Chilumba anayamba ngati ntchito yofufuza za khate, kenako TB ndi HIV, ndipo tsopano ali pansi pa bungwe la MEIRU. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungweli linapima anthu akuluakulu 13,878 a kumudzi ku Karonga ndi 15,013 a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Zotsatira zake anazifalitsa Alison Price ndi anzake mu 2018 mu The Lancet Diabetes & Endocrinology.

Ku Karonga amuna 9 ndi amayi 27 pa 100 alionse anali onenepa mopitirira muyezo, pamene ku Lilongwe anali amuna 18 ndi amayi 44. Matenda a shuga anali mwa anthu 2 pa 100 ku Karonga ndi 3 pa 100 ku Lilongwe. Kuthamanga kwa magazi kunali mwa amuna 13 ndi amayi 14 pa 100 alionse ku Karonga. Mavutowa anali ochuluka mwa opezako bwino kuposa mwa osaukitsitsa.

Kafukufuku wopima anthu kamodzi sangatsimikize choyambitsa. Komabe chithunzichi sichikugwirizana ndi chiphunzitso cha nyama yokhayokha. Zikanakhala kuti sitachi mwa iye yekha ndiye mdani, bwenzi mlimi wosauka wodalira chinangwa, mpunga ndi chimanga ali patsogolo pa kunenepa ndi shuga. Koma ali patsogolo ndi wa m'tauni, amene amatha kugula mafuta ophikira, shuga, zakumwa ndi nyama yomwe, ndipo sagwira khasu.

Chopeza chachikulu cha kafukufukuyu chili pena. Mwa anthu a kuthamanga kwa magazi, 58 pa 100 alionse sankadziwa kuti ali ndi vutoli. Mwa a shuga, 41 pa 100 sankadziwa. Pamenepa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Amene akudziwa ndiponso akumwa mankhwala ndi ochepa kale, ndipo ndi omwewo amene chiphunzitsochi chikuwalonjeza machiritso. Wodwala wobaya insulin kapena womwa glibenclamide akasiya nsima mwadzidzidzi popanda kusintha mlingo wa mankhwala, shuga wake atha kutsika mpaka kukomoka, ali kutali ndi chipatala. Wa kuthamanga kwa magazi akamvera malangizo othira mchere wambiri adutsa mosavuta magalamu 5 pa tsiku amene WHO imati tisapyole. Wa impso zofooka, ndipo ambiri sadzidziwa, amazilemetsa ndi mapuloteni ochuluka. Mayi woyembekezera akasiya masamba ndi nyemba amataya gwero lalikulu la folate, ndipo akati alowetse chiwindi chambiri m'malo mwake amadziika pa chiopsezo cha vitamini A wopyola muyezo, amene amavulaza mwana m'mimba.

Zoti tinene ku chipatala ndi kumudzi

Wodwala akabwera ndi funsoli, tisamunyoze. Waona vuto lenileni: mbale yake yadzaza chakudya chokhutitsa, ndipo mankhwala okha sakumupatsa mtendere. Timuuze kuti achepetse mitanda, asankhe mgaiwa, asiye shuga ndi zakumwa zotsekemera, achulukitse ndiwo zamasamba, nyemba ndi nsomba, ndipo asasinthe mankhwala asanapimidwe. Wofunitsitsa kuchepetsa kwambiri zakudya zokhutitsa atha kutero moyang'aniridwa, masamba, mtedza ndi zipatso zili pambale.

Amene akufunikadi zakudya za m'gulu la nyama zowonjezera ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Malangizo a WHO a mu 2023 amati mwana wa miyezi 6 mpaka 23 azilandira nyama, nsomba kapena dzira tsiku lililonse, pamodzi ndi masamba, zipatso ndi za m'gulu la nyemba. Ku Karonga zimenezi zikutanthauza usipa wosinja wothira m'phala, dzira, kapena mkaka wowiritsa. Usipa umadyedwa wathunthu, mutu ndi minga zomwe, choncho umapereka kashiamu, ayironi ndi zinki pa mtengo umene nyama ya ng'ombe singafikepo.

Ngakhale apa tisalonjeze zozizwitsa. Ku Ecuador dzira limodzi pa tsiku linachepetsa kwambiri kupinimbira kwa ana. Koma kafukufuku wa Mazira wa ku Mangochi, amene Christine Stewart ndi anzake anafalitsa mu 2019 atatsatira ana 660, sanapeze kusiyana pa msinkhu. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anapereka ndi chakuti ana ambiri kumeneko ankadya kale nsomba. Chakudya cha m'gulu la nyama chimathandiza kwambiri pamene chikusowa, ndipo phindu lake silipitirira kukwera munthu akamangowonjezera. Mfundo imeneyi yokha ikugwetsa ganizo lakuti nyama ikachuluka thanzi limachulukanso.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ku sikelo sanalakwike. Cholakwika ndi chakuti mabanja ambiri sakwanitsa kuwafikira onse. Vuto la mbale ya ku Karonga ndi kudya chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo nyama yokhayokha ndi vuto lomwelo, kungoti lokwera mtengo. Kwa ophunzira amene akufuna mutu wa kafukufuku, mafunso aphindu alipo: kodi kuchepetsa nsima n'kuwonjezera nyemba, masamba ndi usipa kungatsitse shuga motani mwa odwala a ku chipatala cha boma cha Karonga? Kodi nsomba zimene zimagwidwa ku Chilumba ndi ku Ngara zimafika bwanji m'phala la ana a m'midzi ya kumtunda? Mayankho a mafunso amenewa angasinthe malangizo amene namwino apereke kwa wodwala wotsatira pamzere.